Mbewa Zokalamba za a Kabaso

George Compound,
Lusaka.

Okondedwa mlongo wanga Salome, a Nankhoma,

Landirani moni wochokera kuno ku Lusaka. Muli bwanji kumeneko ku Mkanda, inu ndi ana ndi adzukulu? Mwendo uja munkadandaula chaka chatha unasiya kutupa? Ine ndadzuka, ndikuyenda ndi miyendo yanga, ndikudya ndi dzanja langa. Zotsalazo muzimva m'munsimu.

Nkhani imene ndikufuna kukuuzani anayamba kundiuza ndi a Kabaso, mkamwini wanga, amuna ake a Ida. Eni akewo panopa akhala patsidya pa ngalande, pachigubu chopanda madzi, akundiyang'ana. Sakumva zimene ndikunena. Chimene akudikira ndikuuzani kumapeto, chifukwa nkhani sayambira kumchira.

Musadabwe ndi zilembo zachilendozi. Akundilembera ndi a Ketty, mayi wa ku Petauke amene amagulitsa madzi pampopi wa m'dera lathu. Ida sindinafune kuti alembe monga amachitira masiku onse, poti nkhaniyi ikukhudza mwamuna wake. Pafoni sindikanatha, foniyo ndi ya Ida yemweyo, ndipo nyumba za kuno n'zogundana, ukayetsemula amakupepesa ndi a khomo lachitatu.

Za m'tauni palibe zatsopano kwenikweni. Magetsi amabwera ngati mlendo wothawa ngongole, ukamati umupatse mpando wapita kale. Mphepo ikachokera ku Chunga imabwera ndi utsi wa kudzala, zovala pachingwe zimanunkha mapulasitiki opsa. Mzere wa madzi ndi womwe uja. A Ketty akuti ndiwonjezere kuti si iwo amene amatseka madziwo, ndawonjezera.

Tsono mverani. Mukudziwa kuti a Kabaso ndi Mbemba wa ku Kasama, ndipo ife ndi iwo timasereulana, kuno amati chimbuya. Iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti anamaliza anyani m'nkhalango. Ndiye tsiku limene Ida anandiuza kuti mwamuna wake wapeza ntchito yoweta mbewa kumalo ena ofufuza matenda, ndinaseka mpaka ndinatsamwa. Mbemba kuweta ndiwo, mlongo wanga. Kuli ngati kusungitsa chimanga chokazinga kwa munthu wopanda mano.

Loweruka lililonse, magetsi akatikumbukira, a Kabaso amandimeta ndi makina pakhomo. Ndi munthu wosayankhulayankhula, koma akagwira makina aja pakamwa pamamasuka. Zonse za kuntchito kwawo ndinazimva ndili pampando, nsalu ili m'khosi.

Anati mbewazo zimakhala m'nyumba yopanda mawindo, yozizira bwino, m'timabokosi ta pulasitiki. Zina n'zakuda, zina n'zoyera za maso ofiira. Zimagona pautuchi wosinthidwa, zimamwa madzi owiritsa, ife kuno tili pamzere kwa a Ketty. Munthu polowamo amavala zoyera, amaphimba pakamwa, amaphimba ndi nsapato zomwe, kuopa kuti angapatsire mbewa chimfine. Iliyonse ili ndi chizindikiro kukhutu ngati ng'ombe ya mwini chuma.

Anati zilipo zamagulu awiri. Zina n'zanthete, za miyezi yochepa, zothamanga ngati zamwa kachasu. Zina n'zokalamba, zoyandikira zaka ziwiri, ndipo kwa mbewa umenewo ndiye usinkhu wanga ndi wanu. Zokalambazo akuti ndevu zimachita imvi, pamsana pamayamba dazi, zimanenepa m'mimba n'kumangogona pakona. Ndinawafunsa ngati zimadandaulanso za mitengo ya zinthu, anati zimenezo sanazimve.

Ntchito yake ndi iyi. Madokotala ali ndi mbewu ya chotupa, chija amati khansa, amaisunga m'chimgolo chozizira chimene chimafuka utsi ukachitsegula. Amatenga mbewuyo ndi jakisoni n'kuibaya pansi pa khungu, cha m'nthiti, kwa zanthete ndi zokalamba zomwe, tsiku limodzi, muyeso umodzi. A Kabaso ndi amene amagwira mbewayo pakhosi ndi kumchira kuti isapalapate. Kenako amadikira. Pakapita masiku amayamba kupapasa ndi chala, akapeza kanthu amapima ndi kachitsulo ka mano awiri kamene kamatseguka ndi kutsekeka.

Chodabwitsa chake, anatero a Kabaso, n'chakuti kwa zanthete chotupacho chimamera ngati chimanga cha kudimba, koma kwa zokalamba chimazengereza ngati chimanga cha pamunda woguga. Ndinafunsa chifukwa chake. Anati madokotalawo sanachipeze, ndicho akufufuza, kungoti ena amaganiza kuti thupi lokalamba silifulumira kulambula tinjira ta magazi topititsira chakudya kwa mlendoyo. Anawonjeza kuti si mitundu yonse ya zotupa imatero, ilipo ina imene imakonda nkhalamba. Mawu omalizawa sindinawasunge bwino chifukwa ndinali ndikuseka. Ndinati ndiye kuti ukalamba uli ndi malipiro ake, ngakhale matenda akafika pakhomo pathu amapeza palibe ndiwo, n'kumangoima panja.

Inu mukundidziwa, nkhani ikalowa m'khutu mwanga siituluka yowonda. Ndinaitenga, ndinaidzoza mafuta, ndinayamba kuifotokoza pamaliro masana anthu akamadikira bokosi. Ndinapatsa mbewa yokalambayo dzina ndi ndodo. Madala anzanga ankaikonda kwambiri, ena ankachita kundiitanitsa kuti ndibwereze ya mbewa ija. Achinyamata ankangoti duu, ife tikuwaloza ndi ndodo kuti mwamva, zothamanga ndi zimene zimayamba kugwa.

Pali chinthu china chimene a Kabaso ananena tsiku lina, chimene panthawiyo ndinangochimva ngati mphepo. Anati mbewa zokalamba n'zosowa kwambiri, chifukwa uyenera kuidyetsa zaka ziwiri isanagwire ntchito, ndipo ikafa yokha isanabayidwe, mayi wamkulu wa pamalopo amakhala tsiku lonse osaseka. Anati akanapeza zokalamba zambiri, ntchito ikanathamanga. Sungani mawu amenewa, a Nankhoma, tiwapezanso kutsogoloku.

M'nyengo yozizira ija, Loweruka lina akundimeta, makina anaima pansi pa khutu lamanzere. Magetsi anali alipo. Ndinamva chala chikuyenda m'khosi mwanga pang'onopang'ono, chikudina, chikusiya, chikudinanso. Ndinadziwa pompo kuti chala chimenechi sichikufuna tsitsi. Anandifunsa kuti kanthu aka kanayamba liti. Ndinati kanthu kanji. Anatenga chala changa n'kuchiika pamenepo, ndipo kanalipodi, kolimba, kangati mtedza. Sikankapweteka.

Kenako anandifunsa kuti kodi kwenikweni ndinabadwa chaka chanji. Zaka zonsezi wakwatira mwana wanga sanafunsepo. Ndinati chaka cha njala ija amayi ankanena ndinali kumsana, akawerenge okha. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza chimene amafuna.

Loweruka lotsatira anabwera ndi kachitsulo kaja m'thumba la malaya. Komwe kaja, ka mbewa. Anati akapukuta ndi mankhwala. Anakakanikiza m'khosi mwanga, kozizira, anayang'ana, n'kukabweza m'thumba. Patapita milungu anapimanso. Ulendo uno anaitana Ida kuseri, anayamba kuyankhula Chibemba chapansipansi. Ine Chibemba ndimadziwa moni ndi zotukwana basi, ndipo zimene ankanenazo sizinali moni kapena zotukwana.

Kuyambira pamenepo zinthu zinasintha pakhomo. Mazira m'mawa. Mkaka wowawasa. Tsiku lina nsomba yaikulu, mutu wake n'kupatsa ine. Mkamwini amene zaka zonsezi ankandibweretsera moni wokhawokha. Mlongo wanga, ine ndinakula ndikutchera madiwa m'munda mwa atate, inu munkandinyamulira kathumba. Mtedza wokazinga suikidwa pansi pa diwa chifukwa chokonda mbewa.

Posakhalitsa mawu anatuluka. Ida anati atate tiyeni kuchipatala chachikulu akaone. A Kabaso anati mwina akadzaona adzapereka tsiku loti adulepo kachidutswa kakang'ono, kochepa kuposa njere ya mpunga, kuti akayang'ane pamakina. Anati tisachedwe.

Apa ndiye pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito. Ine sukulu sindinapite, koma makutu anga sataya kanthu. Munthu yemweyu anandiuza kuti kwa okalamba chotupa chimazengereza. Munthu yemweyu lero akuti tithamange. Ngati ananena zoona poyamba, kuthamangaku n'kwa chiyani? Ngati akunena zoona lero, ndiye kuti anandinamiza poyamba, ine n'kukanamiza maliro onse a m'George. Ndipo ndani uja anati zokalamba n'zosowa, akanazipeza ntchito ikanathamanga? Nayi nkhalamba ili pakhomo pake, yodyetsedwa kale zaka zonsezi ndi anthu ena, chotupa chamera chokha osabaya n'komwe.

Ndinapita nazo kwa a Rex, mnzanga amene tinkalondera limodzi mafakitale ku Heavy Industrial. Masiku ano amakhala pakantemba, kaokala ka mwana wawo, n'kumasewera nsolo. Sanandilole n'komwe kumaliza. Anati mudala, vinthu ivi ni bizinesi, iwe ukuona ngati chikondi. Anati kachidutswa kako akakadula sadzakayang'ana ayi, adzakabzala m'mbewa, mbewa imodzi idzapatsa inzake, mpaka udzakhala uli m'mabokosi mazanamazana ukudya utuchi. Anati msuweni wawo anapita kuchipatala akuyenda yekha, anabwerako atagona. Ndinawakumbutsa kuti msuweni ujayo anagundidwa ndi minibasi. Anati inde, koma anafera kuti?

A Rex ndimawadziwa, ndi munthu amene amakhulupirira kuti mphepo ya Chunga amaitumiza dala. Choncho sindinameze zonse. Ndinafunsa a Kabaso maso ndi maso ngati mnofu wa munthu umabzalidwa m'mbewa. Akanatha kungokana. Koma anati kwawoko ayi, mbewu yawo inachokera ku mbewa zinzake, kungoti kumaiko ena zimachitika, amabzala m'mbewa zina zopanda ubweya, mwini wake akavomera. Anati chipatala ndi kuntchito kwawo n'zosiyana, sizigawana kanthu.

Ndinaganizira yankho limeneli masiku ambiri. Wabodza wamba akanakana zonse. Koma wochenjera amavomera pang'ono kuti umukhulupirire pa zambiri. Nanga woona mtima akanayankha bwanji? Akanayankhanso chimodzimodzi. Apa ndiye panandizunguza, chifukwa njira ziwiri zonsezi zikutulukira pakhomo limodzi.

Imfa sindiiopa kwambiri, a Nankhoma, anzanga ambiri ali kale uko kuposa amene atsala kuno. Chimene ndikuopa n'kuikidwa wosakwanira. Atate ndi amayi anagona athunthu pansi pa mitengo ija. Ine ndifike kwa iwo mbali ina ili m'bokosi la pulasitiki, ili ndi chizindikiro kukhutu? A Kabaso anandiuzapo kale kuti mbewa zikamaliza ntchito amaziotcha m'ng'anjo. Ndiye tsiku la lipenga anzanga akudzuka n'kumapita, ine ndidzakhale ndikupeta phulusa la mbewa kufunafuna khosi langa? Ndiponso ndikawerenga mbewa zimene ndadya moyo wanga wonse, ndimaona ngati zapangana kuti tsopano ndi nthawi yawo.

Koma nacho chinthucho sichinamve nkhani yanga ya pamaliro. Batani la m'khosi la malaya anga a kutchalitchi linasiya kutsekeka. Thalauza ndinayamba kumanga ndi chingwe. Mlungu wathawu, pamaliro a mayi wina wa mumpingo mwathu, madala anandipempha ya mbewa ija. Ndinayamba bwinobwino, anthu akuseka. Nditafika pamene mbewa yokalamba imadzuka n'kupeza zanthete zonse zagona, mawu anandithera. Pakamwa pakuyenda koma pakutuluka mphepo yokha. Wina anandipatsa madzi. Nkhani ija anaimaliza ndi a Rex, ndipo anaiwononga.

Munthu ngati ine alibe munda kuno, alibe ng'ombe. Chuma changa chonse chimadutsa pakhosi pomwepa. Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti nkhaniyi iyenera kutha, kaya uku kaya uko.

Dzulo ndinapita kumsika kwa mayi wina wa ku Katete amene amabweretsa mbewa zouma. Ndinatenga mpani umodzi wa zonona bwino, zowamba ndi utsi, zamchere. Dzuwa litapendeka, a Kabaso atabwera kuntchito n'kusamba, ndinawaitana iwo ndi Ida pakhonde. Ndinaika mbale pakati, yovundikira.

Ndinati bambo, muli ndi pakamwa pawiri, pena pakuti nkhalamba zimachedwa, pena pakuti tithamange, ndiye mundiuze poti ndimvere. Kenako anayankhula nthawi yaitali kuposa tsiku lililonse chikwatire.

Anati batata, ndiwo atate m'Chibemba, mbewa zija n'zamtundu umodzi ngati mapasa, zinabayidwa mbewu imodzi tsiku limodzi, n'chifukwa chake munthu angathe kuziyerekeza, koma inu simunabayidwe ndi munthu, ndipo palibe akudziwa kuti chanucho n'chamtundu wanji. Anandikumbutsa kuti ananena kuyambira pachiyambi kuti ilipo mitundu yokonda nkhalamba, ine n'kusankha mbali yokoma yokha. Anati iwo si dokotala, mwina ndi mwanabere wa chifuwa chachikulu amene amatha ndi mapiritsi, mwina ndi china, n'chifukwa chake pafunika kachidutswa. Chimene akudziwa n'chakuti chinali ngati mtedza nthawi yozizira, lero chili ngati dzira la nkhunda, ndipo kumeneko si kuzengereza. Anati kuntchito chotupa chikafika pamuyeso wina, amene amauzidwa kuti agoneke mbewayo osadzukanso ndi iwo, ndipo tsiku limenelo sadya bwino. Anati safuna kumayang'ana khosi langa ndi maso amenewo.

Anayankhula bwino, sindikana. Koma ndinawauza kuti ine ndine wogulitsa mawu, ndikudziwa m'mene amawadzozera mafuta, ndiye mawu okha sangandigule. Ndinavundukula mbale ija. Ndinati atate athu ankati munthu amene wadya nawe mbewa za mpani umodzi sangakukumbire dzenje. Mukukumbukira, ankatero akamagawira anyamata a kosaka. Ndinazula imodzi, ndinadya iwo akuona, yonse mpaka mchira. Ndinawakankhira mbale. Ndinati mukadya, mawa ndipita nanu kulikonse. Mukakana, mawa ndikwera basi ya ku Chipata, ndikafere kwathu ndili wathunthu.

Mlongo wanga, ndinaona Mbemba akutuluka thukuta dzuwa litalowa kale. Anayang'ana mbewa zija, mano ali panja, timanja tatambasuka. Anati batata, ndipempheni china chilichonse. Anati si nkhani ya chimbuya ayi, izi amazinyamula m'manja tsiku ndi tsiku, amazidziwa nkhope, ilipo ina yokalamba imene imabwera yokha kudzakwera pachikhatho chawo. Ndinati zimenezo n'zakubokosi, izi n'zakumunda, sizidziwana.

Ida ndiye anapsa mtima. Anati atate mwanyanya, munthu akukufunirani moyo inu mukumuyesa ngati mfiti. Anati mazira aja anagula ndi iye, ataona thalauza ikugwa, ndipo mwamuna wake ndi amene anasiya kudya masana kuntchito kuti mkaka upezeke. Anati a Rex anu aja adzakunyamulani ndi iwo mukadzalephera kumeza? Ndinati mwana akakwatiwa amayankhula chinenero cha mwamuna wake, si zachilendo. A Kabaso anaimirira, anapepesa, analowa m'nyumba osadya chilichonse. Ine ndinavundikira mbale, ndinaiika pamwamba pa kabati, ndinakalonga zovala m'chikwama.

Tsopano tafika kumchira.

Lero m'mawa ndatuluka ndi chikwama changa kusanatenthe, ndikuti ndipite anthu asanayambe zolira. Ndapeza a Kabaso akhala pasitepe, avala jekete ya kutchalitchi, mbale ili pamaondo. Mpani uli mbee. Maso ali psuu ngati mbewa zawo zoyera zija. Ida waima pakhomo manja ali m'chiuno, wandiuza osandipatsa n'komwe moni kuti munthuyu wadzuka kukucha n'kutsitsa mbale yekha. Yoyamba akuti inabwerera kuseri kwa chimbudzi. Anatsuka m'kamwa, anabwera, anakhalanso pansi, anathira tsabola, anadya yachiwiri ndi madzi, ndi zinzake zonse mpaka kutha.

Koma kadyedwe kake, a Nankhoma, mukanalira. Anazisenda. Mitu anadula, timiyendo anadula, michira anadula, n'kuzindandalika m'mphepete mwa mbale mwadongosolo, mitu payokha, michira payokha, ngati akuyembekeza dokotala adzawerenge. Zokoma zonse anasiya.

Ine sindinafulumire kukhulupirira. Mboni ndi mkazi wake, ndipo a nyumba yoyandikana nafe ali ndi mphaka. Ndinawauza a Kabaso kuti bambo, pepani, tayasamulani. Mkamwini wanga, bambo wa ana atatu, anayasamula pamaso pa mpongozi wake ngati mwana wa kusikelo. Fungo la utsi ndi mchere linandipeza ndisanawerame. Pakati pa mano a m'munsi panali kaubweya kotuwa. Mphaka sangaike ubweya m'kamwa mwa munthu.

Sananene zambiri. Anati batata, nadya. Anati apempha tchuthi cha lero kuntchito. Anati minibasi yopita m'tauni ndi imodzi, ya kuchipatala ndi ya kokwerera mabasi a ku Chipata, koma iwo akudziwa kuti mwana wa a Nkhoma sabweza mawu amene ananena pambale. Ndinati sindibweza, koma ndiyambe ndalembera mlongo wanga. Anati adikira. Ndi amenewo ali pachigubuwo, nthawi ndi nthawi akumeza malovu n'kuyang'ana kumwamba.

Musaganize kuti mtima wanga wagona. A Kabaso ndawakhulupirira, poti munthu sangadye chimene amachilera chifukwa cha bizinesi. Koma a Kabaso si amene adzagwire mpeni. Anthu a kumeneko sindinadye nawo kanthu.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Lero akungokaona, tsiku lodula adzachita kutipatsa, ndipo Ida adzakuimbirani. Munditumizire Chiku, mwana wanu woyamba. Ndi mphwanga, mwini wake wa thupi langali pamwambo wathu ndi iyeyo, osati Ida kapena mwamuna wake. Adzaime pakhomo tsiku limenelo, adzafunse mwaulemu kumene kachidutswako kakupita, ndipo akamaliza kukayang'ana adzapemphe chotsala, ngakhale chichepe bwanji. Akadzakana kupereka, adzaone ndi maso ake kuti sichinalowe m'nyumba yopanda mawindo. Ndikachira ndidzachikwirira ndekha kumeneko. Ndikapanda kuchira mudzachiike m'thumba la jekete yanga.

Pobwera Chikuyo asabwere chimanjamanja. Anyamule mipani iwiri ya akapuku a m'munda mwa atate, ino ndi nyengo yake. Wina ndi wanga, ngati pakhosi padzalole. Winawo ndi wa mkamwini, ndimuphunzitse kuti mutu sataya.

A Ketty akuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndawayankha kuti yopanda manyazi inafera padiwa. Akuti zimenezo salemba, koma ndikuona dzanja likuyenda.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti fodya uja anatha kalekale. Moni kwa Chiku ndi mkazi wake ndi ana. Moni kwa ana a malemu achimwene, onse, ndi wa ku Kasungu uja ngati amabwera. Moni kwa azakhali aang'ono ngati akumvabe, mukuwire kukhutu lamanja. Moni kwa asuweni athu a kutsidya kwa dambo, ngakhale sanabwere pamaliro a mayi ake a Ida. Moni kwa akulu a mpingo, muwauze andiike m'mapemphero koma asatchule za mbewa. Moni kwa amene akulima munda wa atate chaka chino. Moni kwa anansi anu a kumtunda, dzina landithawa, aja a mbuzi zosamva.

A Ketty aika cholembera pansi. Akuti pepala latha, mzere wa madzi wafika kumsewu, ndipo akuona bwinobwino kuti moni ameneyu ndikumutalikitsa dala. Kalatayi apatsira mayi wina wa geni amene amadutsa pamalire a Mwami mawa. A Kabaso aimirira pachigubu paja, awoloka ngalande, anyamula chikwama changa. Angoima, akundidikira.

Tsalani bwino, mlongo wanga. Ndapita.

Ndine mlongo wanu,
Edwell Nkhoma